Felemu kapena zipika: ndemanga yanga pa kampani imene inatimangira nyumba ya matabwa ku Harare

Tsiku limene lole inatsitsa matabwa kuseri kwa nyumba yathu ku Hatfield, mlamu wanga anaima pageti nayang'anitsitsa muluwo, kenaka anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Alamu, kodi zinthu zathina mpaka kufika pomanga kabini?" Funsolo silinandikhumudwitse, chifukwa aliyense amene anakulira mu Harare amadziwa kuti kuno nyumba ya matabwa ndi kabini, kanyumba ka matabwa opyapyala a paini kamene munthu amakhazika pa sitandi yake kuti azibisalamo mvula pamene akusonkhanitsa njerwa ndi simenti, ndipo nyumba yeniyeni ikatha amakagulitsa kapena kusungiramo makasu ndi mawilibala. Ine ndinkamanga nyumba yokhalamo anthu, ya zipinda ziwiri zogona, balaza, khitchini ndi bafa, yoti mwana wanga ndi mkazi wake ayambiremo banja. Tsopano yapyola mvula ya zaka zitatu, ndipo popeza anzathu a ku mpingo wa CCAP akhala akundifunsa za kampani imene inagwira ntchitoyi, komanso chifukwa chimene ndinakanira nyumba ya zipika imene ndinali nditaikonda poyamba, ndaganiza zolemba zonse pamodzi. Kampaniyo ili ku Msasa, imamanga mitundu yonse iwiri, ya felemu ndi ya zipika, ndipo dzina lake sindilitchula popeza ndinenapo ndi zolakwa zake zomwe.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi sikovuta kwa munthu amene anaonapo mamangidwe a kumudzi. Bambo anga anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland nadzakhazikika ku Mabvuku, ndipo pamene anatitenga kukaona agogo ndili mnyamata, ndinaona amalume akuzika nsichi, kuzimanga ndi luzi, kukweza phaso, kenaka azimayi n'kudzaphoma dothi. M'nyumba yotere chimene chimasenza denga ndi mitengo yoimirira ija, pamene dothi ntchito yake ndi kutseka mphepo ndi maso a anthu odutsa basi. Nyumba ya felemu imatsata nzeru yomweyo: mafupa amakhala paokha, mnofu paokha, ndipo mukhoza kuchotsa mnofuwo n'kuika wina nyumba osagwedezeka. Nyumba ya zipika imafanana ndi khola la nkhumba lija limene amasanja mitengo chogoneka, wina pamwamba pa unzake, n'kuilumanitsa m'makona. Pamenepo chipika chimodzi chomwecho ndicho chimasenza denga, ndicho chimatseka mphepo, ndicho chimanyowa ndi mvula kunja, ndiponso ndicho chimakongoletsa chipinda mkati, kotero kuti chikalakwika, ntchito zinayi zonsezo zimalakwika pamodzi.

Felemu nayo ili pawiri, ndipo ogulitsa ambiri safotokoza bwino zimenezi. Ilipo felemu yolemera, ya nsanamira ndi mitanda ikuluikulu imene amailumikiza pogoba bowo pa mtengo wina ndi kusema lilime pa unzake, n'kukhomerapo chikhomo cha mtengo m'malo mwa msomali. Umu ndi mmene anamangira kachisi wa Horyu-ji ku Nara m'dziko la Japan, amene mbali zake zina zaima kwa zaka pafupifupi 1,300, komanso denga la Westminster Hall ku London limene linakwezedwa m'zaka za m'ma 1390. Ilipo ina yopepuka, imene inafala kuchokera ku Chicago m'zaka za m'ma 1830 pamene misomali yopangidwa ndi makina ndi matabwa ocheka ku makina zinatsika mtengo, ndipo imeneyi imagwiritsa ntchito matabwa ang'onoang'ono ambiri oimikidwa moyandikana. Kuno thabwa lodziwika pa ntchitoyi ndi la mamilimita 38 kwa 114, loimikidwa pa mtunda wa mamilimita 400 kapena 600, ndipo mlamu wanga amene anafunsa za kabini uja amagona pansi pa matabwa omwewa usiku uliwonse, chifukwa madenga ambiri a nyumba za njerwa mu mzinda muno amasenzedwa ndi paini wa muyeso womwewu. Kampaniyo inandipangira zosakaniza, makoma a felemu yopepuka, koma pabalaza ndi pakhonde inaika nsanamira ndi mitanda yaikulu yoonekera.

Pabwalo la kampaniyo pali nyumba ziwiri zoonetsera, ndipo ndivomere kuti ya zipika inandikoka mtima ndisanatsike n'komwe m'galimoto. Mkati mwake munali fungo la utomoni wa paini, phokoso la malole a mumsewu wa ku Mutare silinkamveka kwenikweni, ndipo makoma ake sankafuna chithunzi kapena nsalu yokongoletsera. Mayi a kunyumba anasisita khoma ndi dzanja n'kunena kuti, "Bambo, tamalizani pano, kwinako tikatayako nthawi." Mamangidwe amenewa ali ndi mbiri yake yolemekezeka. Anakula ku Finland, Sweden, Norway ndi Russia, anawoloka nyanja ndi anthu a ku Sweden ndi Finland amene anakhazikika m'mphepete mwa mtsinje wa Delaware ku America kuyambira mu 1638, ndipo pachilumba cha Kizhi ku Russia pali tchalitchi cha zipika chimene chinamangidwa mu 1714 ndipo chikadaima. Koma madera a kumpoto kwa Ulaya kumene mamangidwewa anakulira ali ndi zinthu ziwiri zimene Harare alibe, ndizo mitengo yowongoka imene imakula pang'onopang'ono m'nyengo yozizira n'kukhala yothinana mkati, komanso chisanu chimene chiswe sichingapirire. Paini wathu wa ku Nyanga, Penhalonga ndi Chimanimani ndi wobzala, amakula mofulumira, ndipo amadulidwa ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 30, choncho ndi wofewa ndipo amatuluka m'nkhalango atakhuta madzi.

Chimene ndiyamikire kampaniyi koposa zonse ndi kapitawo wake, bambo wachikulire amene atamva tikulankhula Chichewa anasiya Chishona natiyankha m'chinenero chathu, chifukwa nawonso makolo awo anachokera ku Ntcheu. Iwo akanatha kutigulitsa nyumba ya zipika tsiku lomwelo, popeza ndiyo inali yokwera mtengo, koma anatitengera kuseri kwa shedi natulutsa kachipangizo koyezera chinyezi kokhala ndi timisomali tiwiri kunsonga. Atabaya thabwa lotuluka mu uvuni woumitsira matabwa, kanaonetsa maperesenti 13. Atabaya kunja kwa chipika chimene chinali chitakhala pamthunzi miyezi ingapo, kanaonetsa 17, ndipo ine ndinati basi chauma. Iwo sanayankhe, koma anaitana mnyamata kuti adule chipikacho pakati ndi sowo, nabaya pamtima pake, ndipo nambala inalumpha kufika 28. Anatifotokozera kuti mtengo umayamba kufota chinyezi chake chikatsika kuchoka pa maperesenti pafupifupi 30, ndi kuti bowa wowoletsa matabwa amamera chinyezi chikapitirira 20, kotero chipika chimenecho chinali chitangoyamba kumene ulendo wake wofota, ngakhale kunja kwake kunkaoneka kouma.

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mtengo ukamauma sufupika kwenikweni mu utali wake, koma umafota kwambiri mu kunenepa kwake. Thabwa loimirira la felemu limasenza katundu motsata utali, choncho khoma la mamita 2.4 limakhalabe la mamita 2.4. Zipika zimasanjidwa chogoneka, ndiye kufota kwa chipika chilichonse kumaphatikizana ndi kwa chinzake, kuwonjezera pa kuphwanyika pang'ono chifukwa cha kulemera kwa denga, mpaka khoma lonse limatsika. Malamulo a bungwe la International Log Builders' Association amati womanga ndi zipika zaziwisi asiye mpata wa maperesenti 6 a kutalika kwa khoma, ndipo pa khoma la mamita 2.4 amenewo ndi masentimita oposa 14, pafupifupi kutalika kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Chitseko sichifota, zenera silifota, paipi ya madzi yoimirira siifota, ngakhalenso chumuni cha njerwa, ndiye pamwamba pa chitseko ndi zenera lililonse amasiya mpata wobisika, mafelemu ake amawalowetsa mu ngalande yosema m'zipika kuti khoma lizitsetsereka popanda kuwapanikiza, ndipo pansi pa nsanamira za khonde amaika majeki a wononga amene mwini nyumba ayenera kumawapotokola pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Kapitawo uja anandionetsa chitseko cha nyumba yawo yoonetsera chimene anali atachipala kawiri kumwamba kwake, chifukwa pomanga anasiya mpata wochepa. Ndinadzifunsa ngati mwana wanga, amene sakumbukira n'komwe kuthira oyilo m'galimoto, angakumbukire kugwada pansi pa khonde ndi sipanala miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Kufotako kumabalanso ming'alu. Kunja kwa chipika kumauma msanga pamene mkati mukadali monyowa, ndiye khungu lake limang'ambika motsata utali. Mng'alu woyang'ana pansi sulakwa kanthu, koma woyang'ana kumwamba, pa khoma limene limalandira mvula, umasanduka kachikho kosunga madzi mkati mwa mtengo. Harare amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pachaka, ndipo yambiri imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, nthawi zambiri mwamkuntho ndiponso mopendekeka, kenaka kumatsata miyezi yambiri youma gwa, kotero mtengo umatupa ndi kufota chaka ndi chaka ndipo mipata ya pakati pa zipika imafuna kumatidwa mobwerezabwereza.

Za mtengo wake, ndikunena wa ndalama tsopano, ndinawerengetsera ndekha pa pepala ndisanaone n'komwe makoti a kampaniyo, mapepala aja olembapo ndalama zimene ntchito idzadye, ndipo aliyense akhoza kubwereza samu imeneyi. Nyumba ya mamita 8 kwa 10 imazungulira mamita 36, ndipo makoma akunja akakhala a mamita 2.4 amakwana masikweya mita 86. Zipika zonenepa masentimita 20 zimadya matabwa okwana makiyubiki mita pafupifupi 16 kapena 17, pamene felemu yopepuka, kuphatikizapo matabwa okuta kunja ndi pulayiwudi yolimbitsa, siipitirira makiyubiki mita 5. Ndiye kuti zipika zimafuna mitengo yochuluka katatu kapena kupitirira, ndipo popeza paini wouma amalemera makilogalamu pafupifupi 500 pa kiyubiki mita imodzi, makoma okhawo ndi matani oposa 8 oyenera kuyenda makilomita oposa 260 kuchokera ku Mutare, n'kudzafuna makina onyamulira pofika pa sitandi. Pathu pa Hatfield mpata wa pakati pa nyumba yaikulu ndi mpanda ndi wopapatiza moti makina otere sakanalowa, pamene zigawo za felemu anyamata anayi ankazinyamula pamanja. Koti ya kampaniyo inagwirizana ndi samu yangayo, ngakhale kuti kusiyana kwake kunachepako chifukwa nyumba ya felemu imafuna zotsekera mkati, zofunditsa m'makoma ndi penti, zimene ya zipika siifuna.

Tsopano za chiswe, mdani amene aliyense wa ife amamudziwa kuyambira ali mwana. Dothi la mchenga la kum'mwera ndi kum'mawa kwa mzinda uno ladzaza ndi zulu, ndipo paini wosathira mankhwala ndi ndiwo zachiswe. Mankhwala ofala ndi awiri, creosote wakuda wonunkha uja wa m'mapolo a magetsi, amene sayenera kulowa m'nyumba yogona, ndi CCA, wosakaniza kopa, kromiyamu ndi aseniki, amene amakankhidwira mu mtengo ndi mphamvu ya mpweya mu thanki yotseka n'kuusiya wobiriwira pang'ono. Matabwa othira mankhwala amaikidwa chizindikiro cha gulu lake: H2 ndi a mkati ndi kudenga, H3 ndi a kunja koma osakhudza dothi, H4 ndi okhudza dothi, ndipo H5 ndi a m'dothi lonyowa kapena m'madzi. Pa chipika chodulidwa chija ndinaona ndi maso anga chinthu chimene mapepala otsatsa malonda sanena. Mtundu wobiriwira unazungulira kunja ngati mphete, koma mtima wa mtengo unali woyera mbee, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'mnofu wa kunja koma mtima umawakana, ndipo mtengo wosauma bwino umawakana kwambiri. Thabwa la mamilimita 38 ndi lopyapyala moti limauma mofanana ndipo mankhwala amafika kutali, pamene chipika chikang'ambika mng'alu wakuya, khomo lolowera ku mtima wopanda mankhwala latseguka. Bulugamu, amene ena amamupangira nyumba za mapolo chifukwa ndi wotsika mtengo, ndi woipirapo pa mfundo imeneyi, popeza mtima wake sulola mankhwala ndipo amang'ambika kunsonga, n'chifukwa chake mapolo ake amakhomedwa tizitsulo ta mano kumapeto. Mitengo imene imadziteteza yokha ilipo, monga mlombwa umene kuno amati mukwa, ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, koma mlombwa wokwana khoma lonse mtengo wake ndi wogulira nyumba ina, ndipo mkungudza watsala pang'ono kutheratu moti ndi wotetezedwa.

Ndiwonjezere chenjezo limodzi limene kampaniyo inandipatsa pakamwa pokha, pamene linayenera kulembedwa. Zidutswa za matabwa a CCA siziyenera kusonkhezeredwa pamoto wophikira kapena wootchera nyama, chifukwa utsi ndi phulusa lake zimakhala ndi aseniki, ndipo ku America anasiya kuthira mankhwalawa m'matabwa ambiri a pakhomo kumapeto kwa 2003. Ine ndinapeza mnyamata wosamalira pabwalo ataunjika zidutswazo pafupi ndi mafuwa, akuti nkhuni zapezeka zaulere. M'nyumba ya felemu matabwa othira mankhwala amabisika kuseri kwa mabolodi, pamene m'nyumba ya zipika khoma limene mwana wokwawa amaligwira ndi kulinyambita ndi chipika chomwecho, pokhapokha chitapakidwa bwino.

Pa kutentha ndi kuzizira, zipika zili ndi mbali imene zimapambana, ndipo sindibisa. Paini amatchinga kutentha kuposa njerwa yootcha kasanu kapena kupitirira, ndipo khoma lonenepa limasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, zimene zimagwirizana ndi Harare, mzinda wokwera mamita pafupifupi 1,500, kumene masana a Juni amafunda koma m'bandakucha mumazizira mpaka zala kuuma. Komabe chofunda cha fibreglass, ulusi wa galasi wooneka ngati thonje umene amaika m'makoma, chimatchinga kutentha kuposa paini katatu, ndiye masentimita 10 a chofundacho m'khoma la felemu amaposa chipika cha masentimita 20, ndipo khoma la felemu lilibe mipata yambirimbiri yolowetsa mphepo. Vuto la felemu ndi lakuti ndi yopepuka, siisunga kanthu, imatentha msanga ndi kuzizira msanga, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha pansi pa simenti m'malo mwa pansi pa matabwa, kuti kulemera kumene makoma alibe kuchokere pansi. Chisankho chimenecho chinathetsanso phokoso la mapazi limene ndinalimva m'nyumba yawo yoonetsera, mmene munthu akayenda kukhitchini makapu a pabalaza ankalira.

Pa moto, zipika zimapambananso. Mtengo waukulu ukayaka umapanga makala kunja amene amateteza mkati, ndipo motowo umadya mamilimita osakwana limodzi pa mphindi, pafupifupi masentimita 2 pa theka la ola, kotero chipika chonenepa chimaima nthawi yaitali. Thabwa lopyapyala silingapirire chotero, ndipo chitetezo chake chimadalira mabolodi a gypsum okuta mkati, amene ayenera kukhomedwa mosasiya mpata. M'mzinda umene magetsi amathima kawirikawiri ndipo anthu amadalira makandulo, gasi ndi mabatire a sola, iyi si nkhani yopepuka, ndipo ine ndinalamula kuti botolo la gasi likhale panja m'kanyumba kake ka njerwa. Pulani inapita ku khonsolo ya mzinda monga ya nyumba ina iliyonse, motsata malamulo a zomangamanga a Model Building By-laws a 1977, pamodzi ndi kalata ya injiniya, ndipo kampaniyo inayendetsa yokha mapepalawo, chinthu chimene chinandipulumutsa ku maulendo ambiri. A inshuwalansi anafunsa kuti makoma ndi a chiyani, ndipo atamva kuti ndi a matabwa anakweza ndalama yolipira pamwezi popanda kufunsa ngati ndi felemu kapena zipika.

Ntchito yomanga inayenda mofulumira modabwitsa. Simenti ya pansi itauma, mafupa a nyumba anaima m'masiku anayi, denga linakwera sabata yotsatira, ndipo tinalandira makiyi patatha masabata asanu ndi awiri. Pa zinthu zoteteza nyumba amisiriwo sanachite chinyengo. Anakweza maziko masentimita 30 pamwamba pa dothi, anayala pepala lotchinga chinyezi pansi pa thabwa loyamba, analimanga ku simenti ndi mabawuti, anaika lata lopinda m'mphepete mwa maziko kuti chiswe chikafuna kukwera chikakamizike kumanga msewu wake poonekera, ndipo denga analitulutsa masentimita 75 kuti mvula isamenye khoma. Kuseri kwa matabwa okuta kunja anasiya kampata koyenda mpweya, kuti madzi amene alowa apeze potulukira.

Zolakwa zinali zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zinali zopeweka. Choyamba, m'koti munalembedwa chofunda cha m'makoma koma za kudenga sanatchule, ine osazindikira, ndipo mu Okutobala woyamba chipinda chogona chinasanduka uvuni pansi pa malata, moti mpongozi wanga ankayala mphasa pakhonde masana onse. Nditadandaula anati zimenezo zinali zoonjezera, ndipo ndinalipira padera, koma kampani imene imagulitsa nyumba mu Harare n'kuiwala Okutobala siingandiuze kuti inaiwala mwangozi. Chachiwiri chinaoneka m'dzinja lachiwiri. Pokonza masitepe a khonde, mmisiri wina anadula thabwa lothira mankhwala n'kukhazika mbali yodulidwayo padothi osaipakanso mankhwala, ndipo m'mawa wina wa Febuluwale ndinaona kamsewu ka dothi lofiira, kochepa ngati pensulo, katakwera sitepe mpaka pa nsanamira. Nditakanda ndi mpeni, chiswe chinatuluka piringupiringu, ndipo thabwa la sitepe linali litasanduka chikungwa chokha. Kampaniyo inavomera kulakwa koma inatenga masabata atatu kuti ibwere, ine ndikuimba foni tsiku ndi tsiku. Chachitatu ndi vanishi wonyezimira amene anapaka kunja, amene pa khoma la kumadzulo anasupuka ngati khungu la njoka chaka chisanathe chifukwa cha dzuwa la kuno, ndipo tinachita kumupala n'kupaka mafuta olowa mu mtengo amene sapanga chikopa pamwamba.

Ngozi ya chiswe ija ndiyo inanditsimikizira kuti sindinalakwe posankha. Amisiri atabwera anazula matabwa atatu okuta kunja pafupi ndi sitepe, tinasuzumira mkati ndi tochi, tinaona kuti mafupa a khoma sanakhudzidwe, anasintha sitepe ndi kukhomanso matabwawo, ndipo pofika masana anali atapita. Ndinafunsa kapitawo uja kuti zikanatha bwanji chiswecho chikanalowa m'chipika cha pansi pa nyumba ya zipika. Anati, "Bambo, pamenepo tikanabwera ndi majeki kudzanyamula khoma lonse ndi denga lomwe, chifukwa chipika cha pansi ndicho chasenza anzake onse." Chimodzimodzinso ndi mawaya a magetsi ndi mapaipi. Chaka chatha mwana wanga anafuna kuwonjezera masoketi awiri ndi waya wa intaneti, ndipo wamagetsi anangoboola bolodi n'kudutsitsa waya m'mphako ya khoma, pamene m'nyumba ya zipika mabowo a mawaya amaboolederatu pomanga, chipika ndi chipika, ndipo amene wasintha maganizo pambuyo pake amayendetsa waya poonekera.

Sindikunena kuti nyumba ya zipika ndi yosayenera aliyense. Amene ali ndi malo ku Nyanga kapena ku Vumba, kumene kumazizira, mitengo ili pafupi ndipo alendo amalipira kuti agone m'nyumba yonunkhira paini, ali ndi chifukwa chomveka choimangira, makamaka akapeza zipika zoumitsidwa mu uvuni ndi zosemedwa ndi makina, zimene zimatsika pang'ono poyerekeza ndi zaziwisi. Iliponso njira yapakati imene kampani yomweyi imapereka, yokuta felemu ndi matabwa osemedwa mozungulira kunja kwake kuti aoneke ngati zipika, ngakhale kuti kwa ine amaoneka ngati munthu wovala jekete yobwereka. Koma kwa wokhala mu Harare amene akufuna nyumba ya tsiku ndi tsiku kuseri kwa sitandi, yosafuna kuilera ngati khanda, ndikuti atenge felemu, ndipo kampani ya ku Msasa imeneyi ndikhoza kuitumanso, pokhapokha nditalemba pangano mwanzeru kuposa poyamba. M'panganomo mulembedwe gulu la mankhwala a thabwa lililonse ndi chiphaso chochokera kumene anathira, chinyezi cha matabwa chosapitirira maperesenti 15 choyezedwa mwini nyumba akuona, lamulo lakuti mbali iliyonse yodulidwa ipakidwenso mankhwala, chofunda cha kudenga ndi kunenepa kwake, dzina la chopaka kunja, ndiponso masiku amene kampani iyenera kufika ikaitanidwa pa cholakwa. Ine ndinalipira ndalama yonse tsiku lolandira makiyi, koma pa nyumba ina ndidzasunga gawo lomaliza mpaka dzinja loyamba litadutsa.